Kuchoka m'chikuta kupita ku chidikiro

Agogo anga anali azamba, ndipo ana ambiri a msinkhu wanga kwathu anabadwira m'manja mwawo. Matenda akayamba, amuna ankauzidwa kuti atalikire, m'nyumba n'kutsala ntchembere zokhazokha. Mwana akabadwa, iye ndi amake ankabindikira m'chikuta mpaka mchombo utagwa. Zoipa zinaliponso, tisabise. Mayi akachedwa kuchira, ankamupanikiza kuti atchule amuna amene anayenda nawo, chonsecho vuto linali njira yochepa. Ena ankamumwetsa mwanamphepo kuti zifulumire, chiberekero n'kung'ambika.

Boma silinayambe ndi kuwathamangitsa azambawa. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 linkawaphunzitsa kusamba m'manja ndi sopo, kudula mchombo ndi lezala latsopano, ndi kutumiza kuchipatala aliyense wa mimba yoyamba. Koma maliro sanachepe. Kafukufuku wa 1992 anapeza kuti pa ana 100,000 obadwa amoyo, amayi 620 ankamwalira. Wa 2000, Edzi ili pachimake, anapeza 1,120. Mu 2007 boma linaletsa azamba kubereketsa. Mu 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika, pochokera ku msonkhano wa United Nations ku New York, anati azamba aphunzitsidwe, asaletsedwe. Anamwino anangoti kakasi, osadziwa chowauza anthu kusikelo.

Amene anaimaliza nkhaniyi ndi mafumu. Joyce Banda atakhala pulezidenti mu 2012, anaika uchembere wabwino patsogolo, ndipo Inkosi Kwataine ya ku Ntcheu inatsogolera mafumu anzake. M'midzi yambiri munakhazikika lamulo lakuti wochirira pakhomo alipire mbuzi kapena nkhuku. Pa zipatala panamangidwa zidikiro, kumene mayi wakutali amapita mwezi wake ukayandikira, atasenza ufa ndi nkhuni, womudikirira ali pambuyo. Pofika 2015-16, ana 91 pa 100 alionse ankabadwira kuchipatala, ndipo chiwerengero cha imfa chija chinatsika kufika pa 439.

Ine ndimaona kuti azamba anasenzetsedwa mlandu woposa wawo. Mayi amene akutaya magazi amafuna magazi ena, galimoto ndi dokotala wodziwa opaleshoni, ndipo m'mudzi munalibe chilichonse mwa izi, mzamba akhale wophunzitsidwa kapena ayi. Chindapusanso chinkagwera kwambiri osauka, amene matenda anawapeza usiku mtsinje utadzaza. Agogo anasiya ntchito osanyinyirika, n'kuyamba kuperekeza atsikana kuchipatala monga anauzidwira. Chinkawadabwitsa n'chimodzi: kumeneko ankapeza namwino mmodzi akuthamangira amayi angapo usiku wonse, ndipo mayi aliyense ankauzidwa kubwera ndi beseni lake, zitenje, pepala lapulasitiki loyala, ulusi ndi lezala, zida zomwe iwo ankasunga m'dengu mwawo.