Kusankha chithandizo cha matenda a m'maganizo potsatira umboni

Kusankha chithandizo potsatira umboni ndi njira imene achipatala amatsata popereka mankhwala kapena uphungu umene kafukufuku anasonyeza kuti umathandizadi, osati umene anangouzolowera. Njirayi inatchuka m'zaka za m'ma 1990 kuchokera ku yunivesite ya McMaster ku Canada. Imaphatikiza zinthu zitatu: zotsatira za kafukufuku, luso la wopereka chithandizo, ndi zofuna za wodwalayo.

Ku Zomba

Chipatala chachikulu cha boma cha matenda a m'maganizo m'Malawi ndi Zomba Mental Hospital. Chiyambi chake ndi cha mu 1910, pamene odwala misala ankasungidwa kundende ya Zomba, ndipo chipatala chenichenicho chinatsegulidwa mu 1953. Ngakhale chili mumzinda womwewo, munthu wa ku Chikanda, dera lodzaza anthu kumene kumakhalanso ophunzira ambiri a University of Malawi, kawirikawiri amayambira kuchipatala chaching'ono. Poti madokotala a matendawa ndi ochepa m'dziko muno, anamwino ndi achipatala ena amadalira buku la Malawi Standard Treatment Guidelines komanso malangizo a mhGAP, amene bungwe la WHO linatulutsa mu 2010 kuti athandize amene si akatswiri.

Kupima kaye

Sikuti aliyense wobwebweta ali ndi misala. Malungo aakulu, matenda oumitsa khosi, HIV, mowa ndi chamba zimathanso kusokoneza mutu, ndipo wodwala malungo akangopatsidwa mankhwala ogonetsa akhoza kufa. Choncho thupi limapimidwa poyamba. Pofufuza matenda okhumudwa, pali mafunso a PHQ-9 ndi SRQ-20 amene anamasuliridwa m'Chichewa n'kuyesedwa pa Amalawi.

Mankhwala kapena uphungu

Pa matenda okhumudwa ocheperako, mhGAP salimbikitsa kuyamba ndi mapiritsi. Uphungu wothandiza munthu kuthana ndi mavuto ake limodzilimodzi uli ndi umboni wochokera kwa anansi athu: Friendship Bench, ntchito imene Dixon Chibanda anayambitsa ku Harare, imene agogo ophunzitsidwa amakambirana ndi odwala pabenchi. Zotsatira za kafukufuku wake zinatuluka mu 2016, ndipo njirayi yayesedwanso m'zipatala zina za m'Malawi.

Matenda akakula, amaperekanso fluoxetine kapena amitriptyline. Onse awiri amathandiza, koma amitriptyline ndi woopsa munthu akamwa wambiri nthawi imodzi, moti sayenera kuperekedwa wochuluka kwa amene akuganiza zodzipha. Mankhwalawa amatenga milungu ingapo kuti mphamvu yake ioneke, ndipo ambiri amawasiya msanga poganiza kuti sakugwira ntchito. Malangizo amati apitirizidwe miyezi 9 mpaka 12 munthu atapeza bwino.

Kwa amene akumva mawu kapena kuona zinthu zoti palibe, pali haloperidol, chlorpromazine ndi risperidone, komanso jakisoni wa fluphenazine amene amakhala m'thupi milungu ingapo. Jakisoniyu ndi wothandiza kwa oiwala mapiritsi kapena okhala kutali ndi chipatala. Amayamba ndi mankhwala amodzi, pa mlingo wochepa. Kuuma khosi, kunjenjemera manja ndi kutuluka dovu ndi zina mwa zovuta zake, ndipo achibale ayenera kuuzidwiratu, apo ayi amaganiza kuti matenda akula.

Pamene umboni ukumana ndi wodwala

Mankhwala abwino m'buku sakhala abwino kwa aliyense. Sodium valproate angathe kuvulaza mwana wosabadwa, choncho amapewedwa kwa atsikana ndi amayi oti angatenge pakati. Carbamazepine amachepetsa mphamvu ya dolutegravir, amene ali m'ma ARV omwe anthu ambiri amamwa kuyambira mu 2019, komanso ya njira zina zolerera monga zoika pamkono. Palinso vuto la kusowa kwa mankhwala: kuyambitsa wodwala pa mankhwala amene sapezeka mwezi wamawa n'kumuika pa ngozi yoti matenda abwerere.

Odwala ambiri amafika kuchipatala atapita kale kwa asing'anga kapena kumapemphero. Wachipatala wanzeru sanyoza zimenezi. Amafunsa zimene wodwala wamwa, n'kugwirizana ndi banja kuti mapemphero apitirire koma mapiritsi asatayidwe.