AGOGO ANGA A KEYALA NDI MFUTI YA .303

Anzanga a m'gulu muno, mwera wavuta masiku atatu tsopano, mabwato onse ali pamtunda, ndiye ndati ndilembeko zazitali. Amene uli pa thandala kuyang'anira usipa, sunga uwerenge madzulo.

Chandilembetsa ndi chithunzi chomwe mnzathu wina anaponya muno sabata yatha. Wabwereka mfuti ya mlonda, waloza amene akumujambulayo, chala chili pa kachitsulo kowombera, pansi walemba kuti chaka chino akulowa usilikali. Ambiri munaseka. Ine sindinaseke, chifukwa ndinakumbuka agogo anga aamuna, bambo awo a bambo anga.

Agogo anali a Keyala. Dzinali ndi K.A.R., kutanthauza King's African Rifles, gulu la asilikali achikuda lomwe Angelezi anakhazikitsa mu 1902. Mabataliyoni awiri oyamba, woyamba ndi wachiwiri, anali a kuno ku Nyasaland, likulu lawo ku Zomba, ndipo ambiri mwa asilikali oyambirira anali anthu a m'mbali mwa nyanja yathu yomweyi, Atonga ndi Ayao. Atonga anali atayamba kale kugwira mfuti za azungu mu 1888, pa nkhondo yolimbana ndi Mlozi ku Karonga. Ndiye tikamakamba za mfuti ya msilikali, aise, si nkhani ya m'mafilimu ayi, inadutsa pa gombe pathu pano.

Mfuti yomwe makolo ankaidziwa ndi gogodela. Umathira wonga kukamwa kwake, kutsindira ndi kamtengo, kuika chipolopolo, ndiye kuwomba kamodzi basi. Ukaphonya, mdani wafika. Koma pamene agogo ankalembedwa, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, anapatsidwa Lee-Enfield, ija ankangoti .303. Imalemera pafupifupi makilo 4, imadya zipolopolo 10 zomwe umalowetsa zisanu zisanu, ndipo ukawomba umakoka kachitsulo ka pambali kuti khoko lituluke, china chilowe.

Chifukwa chiyani Angelezi ankalimbikira chonchi zophunzitsa kuwomba? Anali atapsa. Pa nkhondo ya ku South Africa ya 1899 mpaka 1902, Mabunu, anthu ozolowera kusaka, ankawatola asilikali a Britain ali patali, iwo osaona n'komwe kumene chipolopolo chachokera. Nkhondoyo itatha anasintha maphunziro onse. Msilikali wawo anayenera kuwomba zipolopolo 15 pa mphindi imodzi, zolunjika bwino, pa chandamale chomwe chili mayadi 300, ndiye kuti mamita pafupifupi 270. Katswiri ankamusokera chizindikiro cha mfuti ziwiri zopingasa pa mkono wa malaya. Mwambo umenewo ndi umene masajeni anabwera nawo ku Zomba, n'kumauphunzitsa m'Chinyanja, poti ndicho chinali chilankhulo cha mabataliyoni a kuno.

Ine ndinawapeza agogo atakalamba, maso atayamba kuchita nkhungu, ntchito yawo ili yosoka maukonde a bambo pansi pa mtengo. Koma ukangotchula mfuti, ankatenga nkhafi n'kugona chafufumimba pa mchenga, zigongono pansi, miyendo atatangadza. Ankati masabata oyamba onse sanawombe ngakhale chipolopolo chimodzi. Kunali kunyamula, kutsegula, kutseka, kupukuta, kugona, kudzuka, mpaka manja aloweza okha.

Zomwe ankatiuza zinali zinayi. Choyamba, thupi likhazikike ndipo mfuti itsamire zolimba pa phewa, apo ayi ikukankha n'kukusiyira chotupa. Chachiwiri, usakakamize mfuti ndi mphamvu za manja kuti iloze chandamale. Suntha thupi lonse mpaka iloze yokha, monga mmene bambo amatembenuzira bwato lonse kuti liyang'ane funde, osati kulimbana nalo cham'mbali. Chachitatu, diso lako, kachizindikiro ka kumbuyo, ka kutsogolo ndi chandamale zikhale pa mzere umodzi. Ukalakwitsa pang'ono ngati tsitsi pano, kutali uko waphonya ndi mkono wathunthu. Chachinayi ndiye ankachikonda: puma, tulutsa mpweya pang'ono, uime, ndiye finya kachitsulo kaja pang'onopang'ono, osakoka modzidzimutsa, ndipo ikalira usadzutse mutu msanga. Ankati, “Iwe mdzukulu, wowedza kampango akamva kugwedeza koyamba n'kukoka mwaphuma, amabwera ndi mbedza yokha. Mfuti ndi chimodzimodzi.”

Kupukuta ndiye kunali ngati chipembedzo. Kumbuyo kwa mfutiyo, mbali yotsamira pa phewa, kunali kachibowo kosungiramo kabotolo ka mafuta ndi chingwe chokokera kansalu mumpope. Zipolopolo za nthawi imeneyo zinkasiya mchere wodya chitsulo, choncho akawomba ankathira madzi owira mumpopemo, kuumitsa, kenako mafuta. Sajeni ankasuzumira mumpope, akaona kadontho ka dzimbiri, chilango. Inu amene mumasiya injini ya boti osaitsuka mwezi wonse, agogo akanakuthamangitsani pa doko.

Mu 1944 anali ku Burma, m'gulu la 11th East African Division, kutsika chigwa cha Kabaw kuthamangitsa Ajapani mpaka ku mtsinje wa Chindwin. Inali nthawi ya mvula yosalekeza, matope ofika m'mawondo, malungo akugwetsa anthu. Kumeneko zija za mayadi 300 zinalibe ntchito kwenikweni, poti nkhalango inali yowirira moti mdani umamuona ali pafupi ngati apa ndi pa bwato lomwe lakocheza. Chomwe chinkapulumutsa munthu ndi mfuti yoyera yosakakamira, ndi manja omwe analoweza ntchito moti mantha akagwira mutu, manjawo ankapitiriza okha.

Koma nkhani yomwe agogo ankaikamba motsitsa mawu si ya Ajapani. Anali ndi mnzawo wa kumudzi koyandikana ndi kwathu, analembedwa tsiku limodzi, anakwera sitima imodzi. Tsiku lina madzulo, kutali ndi kumene kunkamenyedwa nkhondo, anyamata atakhala pansi akupukuta mfuti. Mmodzi anali wotopa, anaganiza kuti anatulutsa zipolopolo zonse, osatsegula kuti aone ndi maso. Chimodzi chinali chitatsalira mkati. Mfuti ili pa mawondo, kukamwa kwake kwaloza anzake, chala chinakhudza. Mnzawo wa agogo uja anafera pomwepo, kapu ya tiyi ili m'manja. Munthu woti anapulumuka matope, malungo ndi adani, anaphedwa ndi mnzake womukonda. Agogo ndi amene anakafotokozera mayi ake atabwerako, ndipo ankati ulendo wapansi wa ku mudzi umenewo unawatalikira kuposa wa ku Burma.

N'chifukwa chake lamulo lawo loyamba silinali la kulunjika. Ankati mfuti iliyonse ili ndi chipolopolo mpaka utatsegula wekha n'kuona. Wina akakupatsira, tsegula uone, ngakhale walumbira kuti ilibe kanthu. Usaloze munthu, olo mocheza. Chala chikhale kunja mpaka nthawi yowomba itakwana. Ife tikamasewera nkhondo ndi mapesi, akationa tikulozana ankatilanda mapesiwo n'kuthyola. Tinkati agogo ndi ovuta. Ndakula, ndamvetsa.

Za Keyala zatizungulira, kungoti sitifunsa. Malipenga a ku Nkhata Bay ndi beni wa ku Mangochi, zovala zija ndi kuguba kuja, zinachokera ku perete wa asilikali. Mukapita ku Zomba mukaone chipilala cha chikumbutso cha K.A.R. pafupi ndi Cobbe Barracks. Ndipo mu 1964, dziko litalandira ufulu, bataliyoni yoyamba ya Keyala ndi imene inasanduka Malawi Rifles. Msilikali wa lero ndi mdzukulu wa anthu amenewo. Agogo anga anabwerera ndi mamendulo m'kachitini ndi khutu limodzi logontha, n'kukhalanso msodzi mpaka imfa. Mfuti sanaigwirenso, ndipo sindinawamvepo akudzitama kuti anapha munthu.

Ndiye iwe mnzanga wa chithunzi chija, sindikukunyoza, tinakulira limodzi ndipo tapalasa bwato limodzi usiku wa mdima. Ukufuna usilikali, pita, ndi ntchito yaulemu, ndipo mwana wa msodzi amapirira kuposa ambiri. Koma amene anakujambula uja ndi mng'ono wako. Kodi unatsegula mfutiyo kuti uone? Chotsa chithunzicho, ndipo mlonda uja umuuze asadzabwereketsenso, ntchito ingamuthere.

Amene muli ndi agogo a Keyala amoyo, kaya agogo aakazi omwe anatsala akudikira, pitani mukawafunse lero, mujambule mawu awo pa foni. Atsala ochepa kwambiri. Tumizani uthengawu ku magulu ena a m'madoko. Mwera ukaleka tionana pa nyanja.