Zimene chikuto cha chimbale chinkanena

Mbiri ya oimba okondana amuna okhaokha kapena akazi okhaokha inalembedwa kwambiri pa mapepala obwera ndi nyimbo: pa chikuto cha chimbale, pa kapepala ka m'kati, ngakhale pa chithunzi chotsatsa malonda mu nyuzipepala. Nyimbo mukhoza kuimva molakwika kapena kuvina osamvetsera mawu, koma chithunzi chili m'manja mwanu sichizembeka. N'chifukwa chake oimba ndi makampani awo akhala akulimbirana pepala limeneli kwa zaka pafupifupi 100.

Tiyambire ku America mu 1928, nthawi ya magalamafoni, pomwe mbale imodzi inkanyamula nyimbo imodzi mbali iliyonse. Ma Rainey, mayi wakuda wa ku Columbus m'chigawo cha Georgia yemwe ankatchedwa mayi wa nyimbo za blues, anajambula “Prove It on Me Blues” ndi kampani ya Paramount. M'nyimboyo mzimayi akunena kuti amavala ngati mwamuna ndipo amayenda ndi akazi anzake, kenako n'kuwauza omunena kuti abweretse umboni ngati ali nawo. Chithunzi chotsatsa mbaleyo mu nyuzipepala ya Chicago Defender chinaonetsa Rainey atavala jekete, tayi ndi chipewa chachimuna, akucheza ndi akazi awiri, wapolisi akuyang'anira chapatali. Wapolisi ujatu sanamuikemo mwangozi. Kampani inkadziwa kuti chinthucho n'choletsedwa, ndipo kuletsedwako ndi kumene kunkakopa ogula.

Zaka 40 zitadutsa, chimbale chinali chitasanduka katundu wamkulu, chokhala ndi nyimbo khumi kapena kuposerapo komanso chikuto chachikulu ngati thireyi. Mu 1967 England ndi Wales anachotsa pa mndandanda wa milandu kugonana kwa amuna okhaokha, bola akhale a zaka 21 kupita m'tsogolo ndipo zichitike mobisika. Mu 1971 chimbale cha David Bowie, *The Man Who Sold the World*, chinatuluka ku Britain ndi chithunzi cha iye atagona pampando wautali, tsitsi lili m'mapewa, atavala diresi yosokedwa ndi Michael Fish. Chimbale chomwecho ku America chinali chitatuluka kale ndi chikuto china, cha katuni ya mwamuna wovala chipewa cha akaubhoyi. Mu January 1972 Bowie anauza nyuzipepala ya zoimbaimba ya Melody Maker kuti amakonda amuna, pomwe anali pa banja ndi mkazi, ndipo chaka chomwecho *Ziggy Stardust* inamukweza kukhala katswiri. Koma mu 1983 anauza magazini ya Rolling Stone kuti kulengeza kuja kunali kulakwitsa. Achinyamata ambiri anapeza mpumulo pomuona, zimenezo n'zoona ndithu. Kungoti kwa Bowie inali diresi yoti akhoza kuivula msika ukasintha, pomwe ena analibe choti avule.

Ena mwa iwo anali anyamata atatu a gulu la Bronski Beat, omwe woimba wawo Jimmy Somerville ankachokera ku Glasgow. Mu 1984 anatulutsa *The Age of Consent*, dzina lotanthauza msinkhu umene lamulo limalola munthu kuvomera zogonana. Pachikuto panali katatu kapinki, chizindikiro chimene a Nazi ankasokerera pa malaya a amuna otere m'ndende zawo zozunzirako anthu. M'kati munali mndandanda wa maiko ndi zaka zimene dziko lililonse linkalola amuna okhaokha. Mnyamata wa ku Britain akawerenga ankaona yekha kuti kwawo ndi 21, pomwe mwamuna ndi mkazi ankaloledwa pa 16. Nyimbo yawo ya “Smalltown Boy”, yonena za mnyamata wothawa kwawo atakanidwa, inafika pa nambala 3 m'dzikomo. Tangoganizani: munthu wagula chimbale kuti akavine Loweruka, n'kupezamo phunziro la malamulo. Malire aja anatsitsidwa kufika pa 18 mu 1994, ndipo anafanana ndi a ena onse pa 16 kudzera mu lamulo la 2000. Sikuti chimbale ndiye chinasintha lamulo, ayi. Chinangolowetsa nkhaniyo m'zipinda za achinyamata zomwe aphungu a nyumba ya malamulo sankafikako.

Nkhani ya kuno kum'mwera kwa Africa inayenda njira ina. Brenda Fassie, wobadwira ku Langa mu mzinda wa Cape Town mu 1964, sankabisa kuti ankakondanso akazi, ndipo nyuzipepala za ku South Africa zinamudya nazo kwa zaka. Mu 1995 mkazi yemwe ankakondana naye anamwalira mu hotela ina ku Hillbrow, Brenda ali pomwepo. Atadutsa m'chithandizo chosiyira mankhwala ozunguza bongo, anabwerera ndi *Memeza*, chimbale chomwe munali “Vuli Ndlela”. Nyimbo imeneyo ndi ya ukwati, mayi akusangalala kuti mwana wake wamwamuna akukwatira, ndipo yavinidwa pa maukwati osawerengeka kuno ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe. Anankungwi avina, akumpingo avina, azakhali aponya ndalama pa perekaniperekani. Ovina ambiri sanafunsepo za moyo wa mwini mawuwo, ndipo amene ankadziwa ankangozisiya pakhomo la holo. Brenda anamwalira mu May 2004, dziko lake lili kale ndi malamulo aakulu a 1996 oletsa kusala munthu chifukwa cha amene amamukonda, koma maukwati a amuna kapena akazi okhaokha asanaloledwe. Amenewo anabwera mu 2006.

Lamulo likasintha, mitima ya anthu imatsalira m'mbuyo. Nakhane, wa ku Eastern Cape, anatulutsa *Brave Confusion* mu 2013, chimbale cholimbana poyera ndi chikondi cha amuna okhaokha ndi chikhristu chimene anakuliramo, ndipo chinapata mphotho ya SAMA chaka chotsatira. Atasewera mu filimu ya *Inxeba* ya 2017, yokhudza chikondi chotere pa chinamwali cha anyamata achi-Xhosa, analandira mauthenga omuopseza kuti aphedwa, n'kusamukira ku London. Chimbale chake chachiwiri, cha 2018, anachitcha *You Will Not Die*. Mukadziwa zimene zinachitika, dzinalo limamveka mwina.

Pofika nthawi imeneyi pepala lenileni linali likutha. Frank Ocean analemba kalata yoti ikhale m'mawu othokoza a chimbale chake cha *Channel Orange*, yofotokoza kuti chikondi chake choyamba, ali ndi zaka 19, chinali kwa mwamuna mnzake. Mphekesera zitayamba chimbale chisanatuluke, pa 4 July 2012 anangoiika kalatayo pa Tumblr. Kapepala ka m'kati kanatuluka panja, dziko lonse linakawerenga tsiku limodzi, ndipo chimbalecho chinadzapata Grammy mu 2013. Lil Nas X anadziulula mu June 2019 nyimbo yake ya “Old Town Road” ili pa nambala 1, yomwe inakhalapo masabata 19, ndipo mu 2021 anatcha chimbale chake *Montero*, dzina lake lenileni limene makolo ake anamupatsa. Kuchokera kwa Ma Rainey wouza anthu kuti abweretse umboni, tafika pa woimba wosaina yekha dzina lake pachikuto.

Koma tisafulumire kunena kuti nkhani yatha bwino. Malamulo amene Bronski Beat ankalimbana nawo ndi a mtundu umodzi ndi amene atsamunda a ku Britain anatisiyira kuno. Ku Malawi chilango chake chimafika zaka 14, ndipo mu June 2024 khothi loona za malamulo aakulu a dziko linakana kuwachotsa. Woimba wa ku Ndirande kapena ku Kawale sangalembe kalata ngati ya Frank Ocean popanda kuganizira za polisi, za landilodi ndi za kumudzi.

Komanso ife a pa foni nyimbo imatipeza ili yokhayokha. Yabwera pa WhatsApp, kapena yawotchedwa pa memory card pamsika, chikuto palibe, nthawi zina ngakhale dzina la woimba lalembedwa molakwika. Timamva mawu okoma, osadziwa kuti ankaimbira ndani komanso kuti analipira chiyani kuti aimbe. Kaya mumagwirizana ndi moyo wa oimbawa kaya simugwirizana nawo, nyimbo zawo zili kale mu foni mwanu, ndipo zina munavina pa ukwati wa achemwali anu. Bandulo ikalola, fufuzani chikuto cha chimbale chimene mumachikonda, muwerenge zimene mwini wake anafuna kuti muone.