Sikimu ya Bwana, Chiwembu cha Wantchito: Mawu a Chingerezi m'Minda ya Tiyi ya ku Gaza

Chingerezi chili ndi liwu lomwe limasintha nkhope malinga ndi munthu amene lamugwera. Liwulo ndi 'scheme'. Likakhala dzina, makamaka m'Chingerezi cha ku Britain ndi cha m'maiko omwe adali pansi pa ulamuliro wake, limatanthauza ndondomeko yabwinobwino ya boma kapena ya kampani: ya penshoni, ya nyumba, ya ulimi wamthirira. Likangosanduka mneni, 'to scheme', kapena mfotokozi, 'scheming', fungo lake limasinthiratu, pakuti apa tayamba kunena za munthu wokonza chiwembu kuseri. Tsinde ndi limodzi. Ntchito ya m'mutu ndi imodzinso: kuganiziratu za mawa ndi kusanja njira yofikirako. Komabe wina amayamikidwa, wina nakayikiridwa. M'nkhani ino tifuna kuona kuti m'mbiri ndani adapatsidwa dzinalo ndipo ndani adasenzetsedwa mneniyo. Tikayang'ana kum'mawa kwa Zimbabwe, m'mapiri a ku Chipinge ndi m'chigwa cha Honde, kumene kuli minda ya tiyi yomwe idalembapo anthu a kwathu ntchito.

Tiyambe ndi mawuwo, chifukwa 'scheme' sali yekha. Liwu lakuti 'cunning' lidachokera ku mneni wa Chingerezi chakale wotanthauza kudziwa, ndipo kwa zaka mazana angapo linkanena za munthu wodziwa ntchito yake. Baibulo la Mfumu James la 1611 lidaligwiritsa ntchito poyamikira amisiri a chihema chopatulika ndi luso la Esau pa ulenje. Chaka chotsatira, 1612, Francis Bacon adasindikiza nkhani yathunthu yodzudzula 'cunning' monga nzeru yokhota. Matanthauzo awiriwo adakhalira limodzi kwa kanthawi, kenaka loipalo lidameza labwinolo. 'Craft' poyamba idali mphamvu ndi luso la manja, ndipo m'bale wake wa m'Chijeremani, 'Kraft', akadatanthauzabe mphamvu; koma 'crafty' lero ndi kathyali. 'Plot' kadali kachigawo ka nthaka, kenaka chojambula chosonyeza malire a nthakayo, kenaka upo wachinsinsi, monga uja wa 1605 wofuna kuphulitsa nyumba ya malamulo ku London. 'Scheme' mwiniwake adachokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza maonekedwe a chinthu, nayamba kutanthauza dongosolo la zochita m'zaka za m'ma 1600. Pofika 1721, kampani ya South Sea itagwetsa anthu ambiri m'umphawi, William Hogarth adatha kuika liwulo pa chithunzi chake chonyoza, ndipo aliyense adamva chomwe ankatanthauza.

Aneni oyenda ndi mawuwa nawo ngofunika kuwamvetsera. Mngerezi amati chiwembu amachifungatira mpaka chiswe ngati dzira, amachiphika, amachifulula ngati mowa, amachiluka ngati ukonde. Zonsezi ndi ntchito za kukhitchini ndi kuseri kwa nyumba, za akazi ndi antchito. Ndondomeko ya boma siiphikidwa: imajambulidwa, kuyalidwa pa tebulo, ndi kukhazikitsidwa.

Richard Chenevix Trench, yemwe pambuyo pake adakhala bishopu wamkulu wa ku Dublin, adaona kugwa kwa mawu otere m'buku lake la 1851 lonena za kuphunzira mawu. Iye adati ndi umboni wa uchimo wa munthu: anthu adagwiritsa ntchito luso lawo ponyenga anzawo, ndipo liwu lidadetsedwa nawo. Ine ndiona kuti Trench adasiya funso lina osalifunsa. Anthu onse amachimwa, koma si mawu onse a nzeru omwe adagwa. 'Wisdom', 'strategy' ndi 'foresight' akadali chiimire. Omwe adagwa ndi mawu a luso la mmisiri, la mlenje, la wantchito, ndiye kuti nzeru ya munthu amene mbuye wake amaifuna koma amaiopanso.

Dziko la Gaza lidakumana ndi Chingerezi chotere minda ya tiyi isanabadwe. Ufumu umene Soshangane adauyambitsa udali ndi likulu lake kufupi ndi phiri la Selinda m'masiku a Mzila ndi mwana wake Ngungunyana, kufikira 1889 pamene Ngungunyana adasamukira kummwera, kufupi ndi mtsinje wa Limpopo. Mfumuyi idapanikizidwa mbali ziwiri, ndi Apwitikizi kunyanja ndi kampani ya Cecil Rhodes kumtunda. Idachita zomwe wolamulira aliyense wanzeru akadachita: idalankhula ndi onse awiri. M'chaka cha 1890 idamvana ndi Aurel Schulz, mthenga wa kampaniyo, posinthana ndi mfuti ndi ndalama za chaka ndi chaka, ndipo mu 1891 idatumiza nthumwi zake ku London. Koma mu Juni chaka chomwecho Britain ndi Portugal adagawana dzikolo pa pepala, mwiniwake osafunsidwa. M'mabuku a Chingerezi zochita za Rhodes zidatchedwa 'concession' ndi 'treaty', ndipo loto lake la njanji yochoka ku Cape kukafika ku Cairo lidali 'scheme' ija yaulemu. Mfumu yakuda yoyesa kukankhanitsa adani ake inkapatsidwa mawu ena: 'wily', 'intrigue', 'double-dealing'. Apwitikizi adamugwira Ngungunyana ku Chaimite mu Disembala 1895, ndipo adakafera ku zilumba za Azores mu 1906. Pamenepo n'kuti ngolo za Thomas Moodie zitafika kale m'mapiri a Andau mu 1893, ndipo nthaka itayamba kudulidwa m'mapulazi.

Tiyi adabzalidwa ku Chipinge m'zaka za m'ma 1920, pamene Arthur Ward ndi Grafton Phillips, omwe adalimapo tiyi ku Assam, adayamba munda pa malo otchedwa New Year's Gift. Ndiwo muzu wa kampani ya Tanganda. Kumpoto, m'chigwa cha Honde, dziko la Amanyika, minda ya Aberfoyle ndi Eastern Highlands idatsegulidwa m'zaka za m'ma 1950. Tiyi ndi mbewu yofuna manja ambiri pa nyengo imodzi, nyengo ya mvula, yomwe ndi nthawi imene munthu wakumudzi amafuna kukhala m'munda mwake. Tsono vuto la eni minda lidali lomwe lidasautsa Southern Rhodesia yense: anthu awapeza kuti? Ambiri adali Andau ndi Amanyika a m'deralo pamodzi ndi anthu odumpha malire kuchokera ku Mozambique, ndipo pakati pawo padalinso anthu a ku Nyasaland.

Boma la ku Salisbury lidali ndi masikimu ake okokera anthu akumpotowa. Bungwe la Rhodesian Native Labour Bureau lidakhazikitsidwa mu 1903, ndipo antchito adalitcha Chibalo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 kudabwera magalimoto onyamula anthu popanda kulipira, omwe kwathu adatchedwa Ulere. Mu 1946 kudabadwa Rhodesian Native Labour Supply Commission, imene makolo athu adaidziwa ndi dzina lakuti Mthandizi. Mayina awiri omalizawa ngokoma m'khutu, koma cholinga cha mabungwewo chidali chimodzi: kufikitsa munthu kwa bwana amene sakadamusankha yekha, pa malipiro otsika kuposa a ku migodi ya ku Joni. Lamulo la Masters and Servants la 1901 lidatseka khomo lotulukira, pakuti kusiya ntchito kontirakiti isanathe udali mlandu wopita nawo kundende.

Nawo antchito adali ndi mapulani awo. Charles van Onselen, m'buku lake la 1976 lotchedwa Chibaro, adasonyeza kuti anthu a m'migodi ya Rhodesia ankadziwa bwino msika wa ntchito. Ankauzana m'njira za mabwana ankhanza ndi za kumene chakudya n'chochepa, ankapatsa migodi mayina ochenjeza obwera m'mbuyo, ankataya zitupa kapena kupeza zina za mayina atsopano, ndipo ankagwira ntchito pang'ono apa, pang'ono apo, akusendera kummwera kumene ndalama idali yochuluka. Munthu wochoka ku Dedza wapansi, nawerengera kuti akwera Ulere mpaka pakuti, agwira miyezi ingapo pa pulazi kuti apeze kamba wa pa ulendo, kenaka azemba usiku, adali ndi dongosolo lokwanira ngati la mlembi aliyense wa boma. M'mafailo dongosolo limenelo lidalembedwa ndi liwu la asilikali, 'desertion', ngati kuti wothyola tiyi kapena wokumba mgodi adalumbirapo kufera mbendera. Pa pulazi penipeni, m'Chilapalapa chomwe bwana ndi kapitawo ankalankhula, liwu lake lidali 'skelem', lochokera ku Chibunu.

Pamene nkhope ziwiri za liwu lathu zimakumana maso ndi maso ndi pa sikelo. Aliyense wokulira ku Thyolo kapena ku Mulanje akudziwa mwambo wake, ndipo ndi womwewo kulikonse kumene tiyi amathyoledwa ndi manja. Fakitale imafuna masamba awiri anthete ndi kansonga kake. Wothyola amalipidwa potsata kulemera kwa dengu. Zofuna ziwirizi sizigwirizana. Wothyola amadziwa kuti tsamba lokhwima limalemera, kuti tsamba lonyowa limalemera koposa, ndiponso kuti pansi pa dengu kalaliki safikapo nthawi zonse. Kalaliki naye ali ndi lamulo lochotsera makilogalamu pa tsiku la mvula kapena la mame, ndi mphamvu yokana dengu lonse ngati aona kuti tsamba silili bwino. Onse awiri akukankha nambala imodzi, wina kuti ikwere, wina kuti itsike. Kukankha kwa kalaliki kuli ndi dzina lolembedwa m'buku, 'deduction'. Kwa wothyola ndi 'trick' kapena 'cheating'. Sindikunena kuti kuchotsera konse n'kuba, pakuti madzi sasanduka tiyi m'fakitale. Ndikunena kuti mwa anthu awiriwo mmodzi yekha ndiye adali ndi pensulo, ndipo wolemba mbiri wodzawerenga bukulo patapita zaka makumi asanu adzapeza mawu a mwini pensulo okha. James C. Scott, polemba za alimi a ku Malaysia mu 1985, adatcha njira zotere zida za anthu opanda mphamvu, ndipo adathandiza ophunzira ambiri kuwerenga mabuku a mabwana mozondotsa.

Pali sikimu ina ya ku Chipinge yomwe imavuta kuiweruza. Kwa zaka zambiri minda ina ya tiyi idali ndi masukulu ogonera komweko a dongosolo lotchedwa 'earn and learn': mwana ankathyola tiyi mbali ina ya tsiku, kulowa m'kalasi mbali inayo, ndipo fizi ndi chakudya zinkachokera m'thukuta lake. Otsutsa ankati ndi njira yopezera manja otchipa pa nyengo yokolola, yongovekedwa yunifolomu ya sukulu. Michael Bourdillon wa pa yunivesite ya Zimbabwe, yemwe adafufuza za anawa ndi kusindikiza zomwe adapeza mu 2000, sadabise kuti ntchitoyo idali yolemetsa ndipo maola adali ambiri. Koma adapezanso kuti kwa ana ambiri osauka ndi amasiye iyi idali njira yokhayo yofikira ku sekondale, ndipo ena adadza okha kudzaifuna. Dongosololi lidathetsedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010. Apa kampani idali ndi mawerengero ake, mwana adalinso ndi ake, ndipo onse adakumana pansi pa dzina limodzi.

Chicheŵa chidabwereka mawu a Chingereziwa, koma chidatenga theka lokha. Sikimu kwa ife ndi munda wa mpunga wa ku Limphasa, ku Domasi kapena ku Muona, kapenanso ngongole ya feteleza. Poloti ndi malo omangapo nyumba. Palibe Mmalaŵi amene akamva kuti uje wagula poloti angaganize za chiwembu. Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona: mawuwa adatifika kudzera kwa mlangizi wa zaulimi ndi kwa woyeza malo, anthu a boma, ndipo adafika atavala nkhope ya boma. Theka linalo sitidalifune, popeza tidali nawo kale mawu athu: chiwembu, upo, chinyengo, ukathyali, utambwali.

Chomwe chimandikondweretsa monga wophunzitsa za ziyankhulo ndi momwe Chicheŵa chimagawira nkhaniyi. Kuchenjera pakokha si mlandu. Mwana timamuuza kuti achenjere pa msewu, ndipo mwambi umati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Liwu lomwelo lidagwiritsidwa ntchito m'Buku Lopatulika pofotokoza njoka ya m'munda wa Edeni, ndipo ndi lomwenso timapatsa Kalulu m'nthano, ana akumuombera m'manja pamene akupusitsa Njovu ndi Mkango. Mlandu umayamba mneni akasintha. Tikaphatikiza -er- wa msintho womchitira timapeza kuchenjerera, ndipo mneni ameneyu sangaime popanda kutchula wochenjereredwa. Galamala imatikakamiza kunena yemwe wapwetekedwa. Tikati kalaliki wachenjerera wothyola, kapena wothyola wachenjerera kalaliki, mneni ndi mmodzi kwa onse awiri, ndipo omvera atsala ndi ntchito yofunsa kuti wadya mnzake ndani. Pa zochita za akuluakulu makolo athu sadanyengerere n'komwe. Ndale poyamba kudali kupinga mnzako mwendo kuti agwe, monga timanenera kuti wamutchera ndale, ndipo ndilo liwu lomwe tidapatsa ntchito ya aphungu ndi nduna.

Pali liwu lina laling'ono lomwe anthu a m'maulendo adabwereka mwa njira yawoyawo. Munthu wokana kulembedwa ndi Mthandizi kapena Wenela, wodzisankhira yekha njira, tsiku lonyamuka ndi bwana wokamugwirira ntchito, ankati wapita pa selufu, kuchokera ku 'self' wa Chingerezi. Munthu yemweyo akawoloka Limpopo popanda chilolezo, makalata a boma ankamulemba m'gulu la 'clandestine migrants', oyenda mozemba. Kumudzi kwawo, akachedwa kubwerera zaka zambiri, ankamutcha mtchona, ndipo zidzukulu za ena mwa matchona amenewo zidabadwira m'makomboni a m'mapulazi ndi m'minda ya tiyi ya kum'mawa kwa Zimbabwe.