Manambala Ojambulidwa: Mbiri ya Magalafu ndi Mapulogalamu Aulere

1. Galafu n'chiyani?

Amene anapitapo ndi mwana kusikelo anaiona kale galafu. M'buku la umoyo la mwana muli tsamba lokhala ndi mizere. Mzere wogona m'munsi umasonyeza miyezi ya mwana. Mzere woimirira umasonyeza makilogalamu. Akamuyeza mwana, a zaumoyo amaika kadontho pomwe mwezi ndi kulemera kwake zakumana. Akalumikiza timadonthoto, pamatuluka mzere. Mzere ukamakwera, mwana akukula. Ukagona kapena kutsika, mwanayo akufunika thandizo.

Galafu ndi chithunzi cha manambala. Manambala akachuluka amasokoneza mutu, koma akajambulidwa diso limaona msanga komwe zinthu zikulowera.

2. Chiyambi chake

M'chaka cha 1637, katswiri wa masamu wa ku France, René Descartes, anatulutsa buku losonyeza kuti malo a kadontho angathe kutchulidwa ndi manambala. Anasonyezanso kuti lamulo la masamu lingathe kujambulidwa ngati mzere. Akatswiri obwera pambuyo pake anaikonza njirayi mpaka inafika pa mizere iwiri yomwe timagwiritsa ntchito lero. Wogona umatchedwa x, woimirira umatchedwa y.

Kwa zaka zambiri njirayi inali ya anthu a masamu okhaokha. Amene anaibweretsa pa nkhani za malonda anali William Playfair wa ku Scotland. Mu 1786 iye anasindikiza buku la magalafu osonyeza katundu amene dziko la England linkagula ndi kugulitsa kunja chaka ndi chaka. Za dziko la Scotland anali ndi manambala a chaka chimodzi chokha, choncho sakanatha kujambula mzere woyenda ndi zaka. M'malo mwake anajambula timizati, tina tatitali tina tatifupi, tofanizira malonda a Scotland ndi mayiko 17. Mu 1801 anajambulanso galafu yozungulira yodulidwa m'magawo.

3. Galafu ya namwino

Mu 1854 namwino wa ku England, Florence Nightingale, anapita kukasamalira asilikali a nkhondo ya ku Crimea. Chipatala cha ku Scutari anachipeza chili chauve ndi chothithikana. Nkhondo itatha anasanthula manambala a imfa za asilikali, ndipo mu 1858 anatulutsa galafu yake yotchuka.

Mwezi uliwonse unali ndi gawo lake. Mtundu wofiira unkaimira omwalira ndi mabala. Wakuda unkaimira omwalira pa zifukwa zina. Wabuluu unkaimira omwalira ndi matenda opeweka, ndipo m'miyezi yambiri wabuluuwo ndi umene unali waukulu kwambiri. Akuluakulu a boma, amene sakanawerenga masamba odzaza manambala, anaona ndi maso awo kuti matenda anapha asilikali ambiri kuposa zipolopolo. Zimenezi zinathandiza kuti ukhondo m'zipatala za asilikali ukonzedwe.

4. Kompyuta ndi mapulogalamu aufulu

Masiku onsewo galafu inkajambulidwa pamanja, ndi pensulo, rula ndi pepala la timabokosi. Nambala imodzi ikalakwika, ntchito inkayambiranso. Makompyuta atafika anapeputsa ntchitoyi, koma mapulogalamu ambiri anali ogulitsa, ndipo eni ake ankabisa kalembedwe kake.

Mu 1983 Richard Stallman wa ku America analengeza ntchito yotchedwa GNU, yolemba mapulogalamu aufulu. Mu 1985 anakhazikitsa bungwe la Free Software Foundation. Mfundo yake inali yakuti munthu akhale ndi ufulu wogwiritsa ntchito pulogalamu, woona mmene inalembedwera, woisintha, ndiponso wogawirako anzake.

5. Ophunzira awiri ndi gnuplot

Ku America komweko, ophunzira awiri a pa yunivesite, Thomas Williams ndi Colin Kelley, ankafuna kuona maonekedwe a masamu amene ankaphunzira m'kalasi. Analemba pulogalamu yawoyawo, naitcha gnuplot, ndipo inatuluka mu 1986. Ngakhale maina akufanana, gnuplot si gawo la GNU. Komabe ndi yaulere, ndipo aliyense angathe kuwerenga kalembedwe kake. Mpaka lero anthu odzipereka a m'mayiko osiyanasiyana akuikonzabe.

Mapulogalamu ena anatsatira. Ross Ihaka ndi Robert Gentleman a pa yunivesite ya Auckland ku New Zealand analemba R, yowerengera ndi kujambula ziwerengero zambirimbiri, ndipo inayamba kugawidwa mu 1993. Markus Hohenwarter anayamba GeoGebra mu 2001 ku Salzburg, m'dziko la Austria, kuti ithandize aphunzitsi ndi ana asukulu. Mu 2003 John Hunter, yemwe ankafufuza za ubongo wa odwala khunyu, anatulutsa Matplotlib. Palinso LibreOffice, yomwe inayamba mu 2010. Gawo lake lotchedwa Calc limasandutsa manambala a m'timabokosi kukhala galafu.

6. Kuyamba

Amene ali ndi foni yamakono angayambe ndi GeoGebra. Amene angapeze kompyuta ayese gnuplot, yomwe imagwira pa Windows, Linux ndi macOS. Intaneti imafunika poitenga pokha. Ikalowa mu kompyuta siidyanso bandulo, ndipo mnzanu angathe kukupatsirani pa fulashi.

Mukatsegula gnuplot, mumaona malo olembapo. Gnuplot imamva mawu ochepa a Chingerezi. Ofunika kwambiri ndi plot, omwe amailamula kuti ijambule. Lembani chonchi, kenako dinani Enter:

plot 2*x

Patuluka mzere wowongoka wokwera. Kanyenyezi kamodzi n'kochulukitsira. Tinyenyezi tiwiri timasonyeza kuti nambala ikudzichulukitsa yokha. Yesani plot x**2 ndipo muona mzere wopindika.

7. Chitsanzo: ngongole

Tiyerekeze kuti munthu wakongola K10,000 ku banki m'khonde, ndipo chiwongoladzanja ndi K20 pa K100 iliyonse pamwezi. Pali njira ziwiri zowerengera. Yoyamba, chiwongoladzanja chimakhala K2,000 mwezi uliwonse. Yachiwiri, chiwongoladzanja chosalipidwa chimaphatikizidwa ku ngongole, ndipo nachonso chimabereka. Lembani:

plot [0:12] 10000+2000*x, 10000*1.2**x

Apa x ndi miyezi, kuyambira 0 mpaka 12. Patuluka mizere iwiri. Mwezi woyamba yonse ili pa K12,000. Mwezi wachitatu wina uli pa K16,000, wina pa K17,280, ndipo kusiyana kwake kukuoneka kochepa. Kenako mzere wachiwiri ukupindikira m'mwamba. Pomatha miyezi 12, ngongole yoyamba yafika K34,000, pomwe yachiwiri yadutsa K89,000. Wokongola akaona mizere iwiriyi amadziwa funso loti afunse asanalandire ndalama.

8. Manambala anuanu

Gnuplot imajambulanso manambala amene mwasonkhanitsa nokha, monga a mazira, mvula kapena mitengo ya chimanga. Tsegulani fayilo wamba. Pa mzere uliwonse lembani manambala awiri, ndipo pakati pake musiye mpata. Tiyerekeze kuti yoyamba ndi sabata, yachiwiri ndi mazira amene nkhuku zaikira:

1 40
2 44
3 43
4 31

Sungani fayiloyo ndi dzina loti mazira.txt, m'malo omwe gnuplot ikugwirira ntchito. Kenako lembani:

set xlabel "Sabata"
set ylabel "Mazira"
plot "mazira.txt" using 1:2 with linespoints

Mizere iwiri yoyamba ikulemba maina m'mbali mwa galafu. Wachitatu ukuuza gnuplot kuti nambala yoyamba ipite chogona, yachiwiri choimirira, ndipo timadontho tilumikizidwe. Mzere utsika pa sabata yachinayi. Galafu siinena chifukwa chake. Mwini nkhuku ndiye akafufuze ngati ndi chakudya, matenda kapena wakuba.

9. Zoyenera kusamala

Polemba nambala mu gnuplot musaike koma. Lembani 10000, osati 10,000.

Mukalemba print 1/2, gnuplot imayankha 0, chifukwa imataya zotsala pogawa manambala athunthu. Lembani 1.0/2 kuti ikupatseni theka.

Onani pomwe mzere woimirira wayambira. Gnuplot imadzisankhira poyambira. Ikayambira pa 30 m'malo mwa 0, kutsika kwa mazira kumaoneka ngati nkhuku zasiyiratu kuikira. Lembani set yrange [0:*] kuti iyambire pa 0. Muzichitanso chimodzimodzi poona magalafu a m'nyuzipepala: yambani mwawerenga manambala a m'mbali.

Pulogalamu siidziwa nambala yoona ndi yabodza. Imajambula chilichonse chimene yapatsidwa. Choncho ntchito yaikulu ikadali ya munthu, yoyeza bwino ndi kulemba m'kope tsiku lomwelo.

10. Mafunso ndi ntchito

a) Kodi Playfair anajambula timizati chifukwa chiyani?
b) Kodi mtundu wabuluu unkaimira chiyani pa galafu ya Nightingale?
c) Tchulani maufulu anayi a pulogalamu yaufulu.
d) Pa chitsanzo cha ngongole, n'chifukwa chiyani mzere wina ndi wowongoka pomwe wina ndi wopindika?
e) Lembani mtengo wa ndowa ya chimanga pamsika wa kwanu kamodzi pa sabata, kwa miyezi iwiri. Jambulani galafu papepala, kenako pa foni kapena pa kompyuta. Kambiranani m'kalasi zimene mwaona.