Mbiri ya Dr. James Counsilman, mphunzitsi wa masewero osambira

Malemu Dr. James Edward Counsilman adali mphunzitsi wa masewero osambira pa sukulu yaukachenjede ya Indiana, mumzinda wa Bloomington m'dziko la America, kuyambira m'chaka cha 1957 kufikira mu 1990. Anthu ambiri ankangowatchula kuti Doc kaamba ka digiri ya udokotala wa maphunziro yomwe adali nayo. Kawiri konse, mu 1964 ndi mu 1976, iwo ndiwo adatsogolera timu ya amuna ya dzikolo ku mpikisano wa Olimpiki.

Komabe chomwe dzina lawo limakumbukiridwa nacho kwambiri si zikho ayi. M'masiku amenewo aphunzitsi ochuluka ankaima m'mphepete mwa dziwe n'kumalangiza ana potsata zomwe iwonso adauzidwa ali achichepere. A Counsilman sankakhutira ndi zongouzidwa. Ankafuna kuona ndi maso awo chomwe mkono wa munthu ukuchita pansi pa madzi, ndiponso kuyeza ndi wotchi chilichonse chomwe wosambira wachita.

Ubwana ndi nkhondo

A Counsilman adabadwa pa 28 December 1920 ku Birmingham m'dera la Alabama, koma adakulira mumzinda wa St. Louis komwe adaleredwa ndi mayi awo m'zaka zomwe chuma cha America chidalowa pansi. Kusukulu sankakhoza, ndipo pomaliza sekondale dzina lawo lidali kumunsi kwenikweni kwa kalasi. Kusambira adayambira m'maiwe a m'paki ya Forest Park popanda wowaphunzitsa. Luso lawo adalizindikira ndi a Ernst Vornbrock, mphunzitsi wa pa bungwe la YMCA mumzindawo, omwe adawatenga ngati mwana wawo n'kuwalimbikitsa kuti apitirize maphunziro.

Adalowa sukulu yaukachenjede ya Ohio State komwe mphunzitsi wawo adali a Mike Peppe, ndipo adakhala katswiri wa dziko lonse pa kasambiridwe ka breaststroke, komwe munthu amaponda madzi ngati chule. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse idadula maphunzirowo. Adakhala woyendetsa ndege yoponya mabomba ya mtundu wa B-24 ndipo adauluka maulendo 32 a nkhondo. Tsiku lina ndege yawo itawombedwa, adakakamizika kukatera nayo m'dziko la Yugoslavia, ndipo onse omwe adali m'ndegemo adapulumuka.

Nkhondo itatha adabwerera ku Ohio State, kenako adakapitiriza maphunziro ku Illinois ndi ku Iowa komwe adalandira digiri ya udokotala mu 1951. Kafukufuku wawo adali wokhudza momwe mphamvu ya mkono imagwirira ntchito posambira. Ali ku Iowa ankathandizira mphunzitsi wamkulu, a David Armbruster, ndipo mmodzi mwa anyamata omwe ankawaphunzitsa, Walter Ris, adapata mendulo ya golide pa mtunda wa mamita 100 ku Olimpiki ya ku London mu 1948.

Mu 1952 adayamba ntchito pa koleji yaing'ono yophunzitsa aphunzitsi ya Cortland m'dera la New York, malo omwe sadali odziwika konse pa nkhani ya kusambira. Kumeneko adakumana ndi George Breen, mnyamata yemwe adayamba mipikisano mochedwa ndipo kasambiridwe kake sikadali kosangalatsa m'maso, koma adali wopirira modabwitsa. Mu 1956, ku Olimpiki ya ku Melbourne, Breen adaswa rekodi ya padziko lonse pa mtunda wa mamita 1,500 mu ndime yoyamba, ngakhale kuti mu ndime yotsiriza adathera pa nambala 3. Chaka chotsatira a Counsilman adaitanidwa ku Indiana.

Zaka 33 ku Indiana

Kuti ntchito ya mphunzitsi wa pakoleji imveke bwino, nkofunika kudziwa kuti ku America masewero ambiri amakulira m'sukulu zaukachenjede. Wachinyamata waluso amapatsidwa malo, nthawi zina ndi kulipiriridwa fizi, kuti aziphunzira uku akuimira sukuluyo m'mipikisano yomwe imayendetsedwa ndi bungwe la NCAA. Mphunzitsi amakhala naye pafupifupi zaka zinayi basi, kenako amayenera kupeza wina. Choncho kupambana chaka chimodzi kutha kukhala mwayi, koma kupambana zaka zambiri motsatizana ndi umboni wa njira yophunzitsira.

Timu ya Indiana idatenga chikho cha chigawo cha Big Ten kwa zaka 20 motsatizana, kuyambira 1961 mpaka 1980, ndipo chikho cha NCAA idachitenga zaka zisanu ndi chimodzi motsatizana, kuyambira 1968 mpaka 1973. Pakati pa 1966 ndi 1979 idapambana mipikisano 140 ya sukulu ziwiriziwiri osagonjako. Gawo lina la ulemu umenewu ndi la a Hobie Billingsley, omwe ankaphunzitsa masewero odumphira m'madzi pasukulu yomweyo, pakuti mapointi a odumpha amaphatikizidwa ndi a osambira.

Wotchi ndi kamera

Chipangizo chomwe chidafala kwambiri kuchokera ku Indiana ndi chosavuta kuchimvetsa: wotchi yaikulu yoikidwa pakhoma kapena m'mphepete mwa dziwe, yokhala ndi muvi wa masekondi womwe munthu angathe kuuona ali m'madzi. Ku Australia a Forbes Carlile adali atayamba kale kugwiritsa ntchito wotchi yotere, koma a Counsilman ndiwo adaikonza mwa mtundu womwe udafalikira m'maiwe a ku America ndi maiko ena.

Ntchito ya wotchiyi imayendera limodzi ndi njira yophunzitsira yomwe idachokera kwa othamanga a ku Ulaya, makamaka kwa mphunzitsi wa ku Germany, a Woldemar Gerschler. M'malo mosambira mtunda wautali pang'onopang'ono osaima, wosambira amadula mtundawo m'zigawo, n'kumasambira chigawo chilichonse mothamanga ndi kupumula pang'ono pokha. Mwachitsanzo, mphunzitsi angalamule kuti ana asambire mamita 100 kakhumi, ndipo azinyamuka pakatha mphindi imodzi ndi masekondi 30. Yemwe wafika m'mphindi imodzi ndi masekondi 10 apumula masekondi 20. Yemwe wachedwa, nthawi yake yopuma yadyeka. Mtima ndi mapapo zimazolowera kugwira ntchito yolimba thupi lisanapumule mokwanira, ndipo umo ndi momwe mphamvu zimakulira.

Ubwino wina ngwakuti mphunzitsi mmodzi angathe kuyang'anira ana ambiri nthawi imodzi, pakuti aliyense amadziwerengera yekha nthawi. Mwana sadikiranso kuuzidwa kuti lero wachita bwino kapena ayi. Wotchi yamuuza kale, ndipo wotchi simakondera.

Chipangizo chachiwiri chidali kamera. A Counsilman ankalowa okha m'madzi kukajambula osambira awo cha pansi, kenako n'kumaonetsetsa zithunzizo chimodzichimodzi. Nthawi zina ankamangirira timagetsi kumanja kwa wosambira ndi kuzimitsa magetsi onse a padziwe, kuti njira yomwe dzanja ladutsa ioneke ngati mzere wowala pachithunzi. Zomwe adapeza zidadabwitsa ambiri. Akatswiri enieni sankakoka mkono molunjika monga ankaphunzitsidwira. Ankapinda chigongono, ndipo dzanja linkayenda mokhotakhota. Kunena kwina, matupi a akatswiriwo ankachita zosiyana ndi zomwe aphunzitsi awo ankawauza, ndipo ankapambana chifukwa cha kusamverako.

Zotsatira za kafukufuku wawo woyambirira adazilemba m'buku lotchedwa The Science of Swimming lomwe lidatuluka mu 1968 ndipo lidamasuliridwa m'zilankhulo zoposa 20.

Pofuna kufotokoza chifukwa chomwe dzanja limakhotera, cha m'ma 1970 a Counsilman adabwera ndi ganizo loti dzanja la wosambira limagwira ntchito ngati phiko la ndege, potsata lamulo la sayansi la Bernoulli. Ndi ganizo lomwe munthu angaliyembekezere kwa yemwe adaulutsapo ndege. Kwa zaka pafupifupi 20 aphunzitsi padziko lonse adaphunzitsa ana kukoka dzanja mwa chilembo cha S. Koma kafukufuku wa m'zaka za m'ma 1990 ndi mtsogolo mwake adasonyeza kuti mphamvu yaikulu yopititsa munthu patsogolo imachokera pa kukankhira madzi kumbuyo, ndipo kukhota kwina kwa dzanja kumadza kaamba ka kugudubuzika kwa thupi. A Ernest Maglischo, mphunzitsi wotchuka yemwe adalimbikitsapo ganizo la phikolo m'mabuku awo oyamba, adasintha maganizo poyera. Apa a Counsilman adaphonya ndithu. Chochititsa chidwi nchakuti omwe adawatsutsa adagwiritsa ntchito njira yawo yomwe, yojambula ndi kuyeza.

Spitz ndi Montreal

Mark Spitz adafika ku Indiana kumayambiriro kwa 1969 ali wosweka mtima. Chaka cha 1968 adali atalengeza kuti akatenga mamendulo asanu ndi limodzi a golide ku Olimpiki ya ku Mexico City, koma adangobwerako ndi awiri, onse a mipikisano yopatsirana ya anthu anayi, kuphatikizapo limodzi la siliva ndi lina la mkuwa. Mbiri yoti ngwodzikuza idali itamutsogolera. A Counsilman adapempha anyamata a m'timu kuti amulandire monga mnzawo ndi kumuweruza potengera zomwe adzaone okha. Mu 1972, ku Munich, Spitz adapata mamendulo 7 a golide, ndipo pa mpikisano uliwonse mwa isanu ndi iwiriyo padasweka rekodi ya padziko lonse. Chiwerengerochi chidakhala chosapitidwa mpaka mu 2008 pomwe Michael Phelps adatenga 8 ku Beijing.

Chaka cha ku Munich a Counsilman sadali mphunzitsi wa timu ya dziko. Nthawi yawo idali ku Tokyo mu 1964, komwe amuna a ku America adapambana mipikisano 7 mwa 10, ndi ku Montreal mu 1976, komwe adapambana 12 mwa 13. Umodzi wotsalawo adautenga ndi David Wilkie wa ku Britain. Ku Montreal komweko wophunzira wawo wa ku Indiana, Jim Montgomery, adakhala munthu woyamba kusambira mamita 100 m'masekondi osakwana 50, pomwe adafika m'masekondi 49.99.

Mu September 1979, ali ndi zaka 58 ndipo atapezeka kale ndi matenda a Parkinson omwe amadzetsa manjenje m'thupi, a Counsilman adawoloka mosambira nyanja ya English Channel, kuchoka ku England kukafika ku France, m'maola 13 ndi mphindi 7. Mtundawu ndi wa makilomita pafupifupi 34, kuposa wochoka m'tauni ya Lilongwe kukafika ku Lumbadzi, ndipo madzi ake ngozizira kwambiri. Pa nthawiyo padalibe munthu wamkulu kuposa iwo yemwe adachitapo zimenezi.

Adapuma pa ntchito mu 1990. Mu 1994 adatulutsa buku la The New Science of Swimming lomwe adalemba ndi mwana wawo Brian. Adamwalira pa 4 January 2004 ku Bloomington ali ndi zaka 83. Dziwe la mipikisano la pasukulu ya Indiana limatchedwa ndi dzina lawo pamodzi ndi la a Billingsley.

Kuno kwathu

Chaka chomwe a Counsilman adamwalira ndi chomwenso dziko la Malawi lidatumiza osambira awiri, Yona Walesi ndi Han Choi, ku Olimpiki ya ku Athens. Pa mpikisano wa amuna wa mamita 50 omwe Walesi adalowa, mendulo ya golide adaitenga ndi Gary Hall Jr. m'masekondi 21.93. Bambo ake a mnyamatayu, a Gary Hall Sr., adali wophunzira wa a Counsilman ku Indiana m'zaka za Spitz. Walesi, yemwe adasambira masekondi oposa 30 ndipo adathera mu ndime yoyamba, pambuyo pake adakhala mphunzitsi wa timu ya dziko lino.

Kuchokera chaka chimenecho mbendera ya Malawi yaonekera padziwe la Olimpiki iliyonse: Charlton Nyirenda ndi Zarra Pinto mu 2008, Nyirenda ndi Joyce Tafatatha mu 2012, Brave Lifa ndi Ammara Pinto mu 2016, Filipe Gomes ndi Jessica Makwenda ku Tokyo mu 2021, komanso Gomes ndi Tayamika Chang'anamuno ku Paris mu 2024. Bungwe loyendetsa masewerowa padziko lonse, lomwe kale linkatchedwa FINA ndipo tsopano ndi World Aquatics, limapereka malo apadera kwa maiko omwe osambira awo sanafike pa nthawi yoyenereza munthu kulowa mpikisanowu, ndipo imeneyi ndiyo njira yomwe maiko ambiri a mu Africa amadzera.

Dziko lino lili ndi nyanja yaikulu, ndipo ana a ku Nkhata Bay, Nkhotakota, Salima ndi Mangochi amadziwa kusambira asanayambe n'komwe sukulu. Koma kusambira kwa mpikisano kwakulira m'sukulu zochepa zomwe zili ndi maiwe osambiramo, monga Saint Andrew's ku Blantyre, Kamuzu Academy ku Kasungu, Bishop Mackenzie ndi African Bible College ku Lilongwe. Mwana wa ku Nsungwi, Mgona kapena Chinsapo akadziwa kusambira, kawirikawiri amakhala atadziphunzitsa yekha mumtsinje kapena m'dzenje lodzala madzi a mvula, monga momwe a Counsilman adayambira m'maiwe a m'paki. Kusiyana kwake nkwakuti iwo adakumana ndi a Vornbrock, ndipo mumzinda mwawo mudali dziwe lomwe mwana wosauka ankatha kulowamo.

Masewerowa m'dziko muno amayendetsedwa ndi bungwe la Malawi Aquatic Union. Pokonzekera masewero a achinyamata a m'chigawo cha kummwera kwa Africa a Region 5, omwe adachitikira ku Lilongwe mu December 2022, boma lidamanga malo osambirira a mipikisano pa Kamuzu Institute for Sports mumzindawu.