Yureniyamu ndi Madzi a Pansi pa Nthaka

Yureniyamu, amene odziwa Chipwitikizi amutcha urânio, ndi chitsulo cholemera chobisika m'miyala, ndipo kukhazikika kwake kapena kuyenda kwake kulamulidwa ndi madzi a pansi pa nthaka. Madzi okhala ndi mpweya wa okosijeni amsungunula nayenda naye. Koma akafika pamene pali zomera zakale zowola, pamene mpweyawo watha, amtula, iye naumanso kukhala mwala. Dzimbiri la chitsulo limgwira panjira, koma madzi a laimu wambiri amlanditsa ku dzimbirilo, napita naye kutali.

Umboni wake uli ku Kayelekera, makilomita 52 kuzambwe kwa tauni ya Karonga m'Malawi, kumene madzi a makedzana, podutsa m'miyala ya mchenga, anaunjika yureniyamu malo amodzi. Bungwe la magetsi la ku Britain, Central Electricity Generating Board, linafufuzako kuyambira 1982, koma poona kuti mtengo unali wotsika, linachoka osakumba. Pambuyo pake kampani ya Paladin ya ku Australia inamanga mgodi, umene Pulezidenti Bingu wa Mutharika anautsegula mu Epulo 2009, boma la Malawi litatengamo magawo 15 pa 100. Ndipo ngozi ya nyukiliya ya ku Fukushima ya 2011 itagwetsa mitengo ya yureniyamu, ntchito inaima mu 2014, mgodi nugulitsidwa kwa kampani ya Lotus Resources mu 2020. Ku Mozambique nako, m'nthawi ya Apwitikizi, ankakumba mwala wa yureniyamu wotchedwa davidite ku Mavuzi, m'chigawo cha Tete.

Chokondweretsa n'chakuti mlimi wa tsidya lino la Mozambique, ku Mandimba kapena ku Ngauma, ali nawo kale maina a zinthu zogwira ndi zoyendetsa yureniyamu, ngakhale sanaloŵepo m'nyumba yopimira miyala. Dothi lofiira la kumtunda alitcha katondo, ndipo kufiirako ndi dzimbiri lomwe lija. Dothi lakuda la kudambo, lomata khasu pa dzinja, alitcha makande, ndipo m'madambo otere, momwe madzi aima ndi udzu uwolera, ndimo mpweya utha msanga. Ku Kayelekera nakonso mwala wotuŵa ndi umene mpweya sunaufike, pamene wofiirira ndi umene madzi a mpweya anadutsamo. Amayi nawo, potunga pamjigo, umene tsidya lino ambiri autcha furo, asiyanitsa madzi ozuna, amchere ndi osachita thovu la sopo. Koma yureniyamu wosungunuka lilime silimzindikira, ndipo bungwe la zaumoyo la WHO linaika malire a mamaikulogalamu 30 pa lita imodzi, chifukwa akachuluka apweteka impso.

Akulu anati madzi saiŵala khwaŵa, ndipo popeza mtsinje wa Sere, wodutsa pafupi ndi mgodiwo, uthira mu North Rukuru, umene uthira m'nyanja ya Malawi, imene ife tiitcha Niassa, nkhaniyi mwina ikhudzanso a tsidya lino.